Kalata yotseguka kwa akuluakulu a NFL ndi eni matimu a m'mizinda yozizira

Kwa olemekezeka a Roger Goodell, mkulu wa NFL, bungwe loyendetsa mpikisano waukulu wa mpira wa ku America. Kwa eni matimu a m'mizinda yozizira. Ndiponso kwa abwanamkubwa ndi aphungu amene mumavomereza ndalama zomangira mabwalo a mpira,

Ndikupereka moni kwa nonsenu mwaulemu waukulu, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha ntchito imene mumagwira yoyendetsa masewero amene anthu miyandamiyanda timawakonda. Ine ndine munthu wamba, wobadwira ku Dedza m'dziko la Malawi, koma kwa zaka zambiri tsopano ndakhala kumadzulo kwa boma la New York, pafupi ndi mzinda wa Buffalo, kumene ndimagwira ntchito, ndimakhoma msonkho, ndipo ndikulera ana amene mpira wa ku America anaudziwa asanadziwe kuwerenga. Kalatayi ndailemba m'Chichewa chifukwa ndi chinenero chimene ndimanenera zakukhosi, ndiponso chifukwa ndikufuna kuti abale anga okhala ku Ohio, ku Indiana, ku Illinois ndi madera ena ozizira aimve bwino nkhaniyi, popeza ndalama zimene zikukambidwa ndi zawo zomwe, ndipo ana amene amakazizidwa kumabwaloko ndi awo omwe.

Chimene chandilembetsa ndi mkangano umene wakula m'zaka zapitazi, wakuti matimu a m'mizinda yozizira azisewera pamtetete kapena m'mabwalo okhala ndi denga. Eni timu ya Cleveland Browns akonza zochoka m'mphepete mwa nyanja ya Erie kupita ku Brook Park, tauni ya pafupi ndi Cleveland, kukamanga bwalo ladenga. A Chicago Bears akhala akufunafuna pomanga lawo, ndipo mu 2023 anagula malo a Arlington Park. A Kansas City Chiefs analengeza mu Disembala 2025 kuti adzachoka ku boma la Missouri kusamukira ku boma loyandikana nalo la Kansas m'bwalo ladenga, ndipo ku Nashville ndi ku Washington nkhani ndi yomweyo. Chifukwa chimodzi chimene timauzidwa kawirikawiri n'chakuti denga lidzateteza ochemerera ku chisanu. Maganizo anga ndi akuti mpira wa m'mizinda yozizira uyenera kupitiriza kuseweredwa panja, koma inu mwalekerera udindo woteteza anthu amene amadzaonera, ndipo mavuto obwera chifukwa cha kulekererako asanduka chifukwa chopemphera mabiliyoni a madola kwa okhoma msonkho.

Dandaulo langa loyamba, lomwenso ndi lalikulu, ndi la usiku wa pa 13 Januwale 2024 pa bwalo la Arrowhead ku Kansas City, pamene a Chiefs ankasewera ndi a Miami Dolphins m'ndime yochotsana. Masewerowo anayamba cha m'ma 7 koloko usiku kukuzizira madigiri 20 pansi pa ziro pa muyeso wa Celsius, ndipo chifukwa cha mphepo thupi la munthu linkamva ngati ndi madigiri 33 pansi pa ziro. Dziko lonse linaona pa kanema ndevu za mphunzitsi wa Chiefs Andy Reid zitaundana, linaonanso chisoti cha wosewera wa Chiefs Patrick Mahomes chikusweka atagundana ndi wosewera wa timu inayo, ndipo zithunzi zimenezo zinafalitsidwa paliponse monga zosangalatsa. Zimene sizinaonetsedwe n'zakuti ozimitsa moto a mumzindawo, amene amayendetsanso maambulansi, anaitanidwa maulendo 69 m'bwalomo ndi kunja kwake, ndipo anthu 15 anatengeredwa kuchipatala. Patapita miyezi iwiri, chipatala cha Research Medical Center chinalengeza kuti anthu 12 amene anavulala ndi chisanu cha masiku amenewo anadulidwa ziwalo, makamaka zala zakumanja ndi zakumapazi, ndipo ena mwa iwo anali anthu amene anakaonera masewero aja.

Anzanga amene akuwerenga ali kumudzi angadabwe kuti kuzizira kungadule bwanji chala. Kwathu ku Dedza, mwezi wa Juni ndi Julayi, tinkati kwazizira tikaona mame atauma pa udzu m'dambo, ndipo mankhwala ake anali kuotha moto mpaka dzuwa litakwera. Chisanu chakuno n'chamtundu wina. Thupi likazizidwa kwambiri limachotsa magazi ku zala, makutu ndi mphuno kuti liteteze mtima ndi mapapo, madzi a m'minofu amayamba kuundana, khungu limayera n'kuuma ngati kandulo, ndipo choopsa koposa n'chakuti ululu umatha, munthu n'kumaganiza kuti wapeza bwino pamene chala chikufa. Bungwe la boma loona zanyengo la National Weather Service limachenjeza kuti mphepo ikatsitsa kuzizira kufika cha m'ma digiri 28 pansi pa ziro, khungu losavala likhoza kuwonongeka m'theka la ola. Masewero a NFL amatenga maola atatu kapena kuposerapo, osawerengera nthawi yoimika galimoto, yoima pamzere pachipata ndi yobwerera. Munthu wogwira ntchito ndi manja, kaya ndi kalipentala, namwino kapena woyendetsa thiraki, akaduka zala ziwiri wataya njira yake yopezera chakudya, ndipo palibe masewero amene angam'bwezere zimenezo.

Dandaulo lachiwiri likuchokera pomwepo. Bungwe la NFL lilibe muyeso wolembedwa wonena kuti kukazizira kufika pakutipakuti masewero asunthidwe. Mphezi ikang'anima pafupi ndi bwalo, oyimbira amaimitsa masewero, osewera amalowa m'kati, ochemerera amauzidwa kuti abisale, ndipo palibe amene amati mpira wanyozeka. Ngakhale masewero amene amachitikira pa chipale chofewa ali ndi malire: malamulo a FIS, bungwe loyendetsa masewero otsetsereka pa chipale padziko lonse, amati mpikisano wotsetsereka mtunda wautali uchedwetsedwe kapena ulephereke kukazizira kupyola madigiri 20 pansi pa ziro. Amenewo ndi anthu ophunzitsidwa, ovala zoyenera, ndipo thupi lawo limatenthedwa ndi liwiro. Wochemerera amangokhala pa mpando wapulasitiki, mapazi ali pa konkire, mwina atamwako mowa umene umanamiza thupi kuti latenthedwa.

Simunganene kuti kusuntha masewero n'kosatheka, chifukwa munachita zimenezo kumathero a sabata lomwelo. Masewero a Buffalo Bills ndi Pittsburgh Steelers amene anayenera kuchitika Lamulungu pa 14 Januwale anasunthidwa kufika Lolemba masana, bwanamkubwa wa New York Kathy Hochul atalengeza kuti misewu ya ku Erie County, dera limene muli Buffalo, njosayendeka chifukwa cha chipale chofewa. Ndikudziwa kuti chisanu cha ku Kansas City chinatenga masiku angapo, kotero kuti kudikira tsiku limodzi sikukanathetsa vuto lonse. Koma panali njira zina: kuyamba masana dzuwa lilipo, kapena kupita ku bwalo lina monga mwachitira kangapo konse. Nthawi ya usiku ija inali yokonzedweratu chifukwa cha kanema, ndipo manyuzipepala analemba kuti kampani ya NBCUniversal inalipira pafupifupi madola 110 miliyoni kuti ionetse masewero amodziwo pa Peacock, njira yake yoonetsera kanema pa intaneti. Pamene ndalama zochuluka chonchi zili mbali imodzi ndipo mbali inayo kulibe lamulo lolembedwa, munthu amene akupanga chiganizo amasiyidwa pamalo ovuta, ndipo wochemerera alibe womulankhulira.

Ndiloleni ndinene zimene zinandichitikira ine mwini. Zaka zingapo zapitazo ndinayenda ndi mwana wanga wamwamuna, ali ndi zaka 11, kukaonera masewero a mwezi wa Disembala mumzinda wina, pa bwalo limene sindilitchula dzina. Tinavala monga amavalira anthu odziwa: masokosi awiriawiri, magolovesi, zipewa zophimba makutu, ndipo tinanyamula zidutswa za katoni zoti tipondepo, chifukwa konkire imakoka kutentha kudzera m'nsapato. Pachipata alonda anatiuza kuti katoni siloledwa, ndipo tinaisiya pa mulu wa makatoni a anthu ena. Chigawo chachiwiri chitayamba, mwana uja, amene poyamba ankadandaula, anandikoka jekete n'kunena kuti, "Adadi, mapazi asiya kupweteka." Mawu amenewo anandiopsa kuposa kulira. Ndinamunyamula kutsika naye masitepe kufunafuna malo otentha, ndipo malo otentha analipo ndithu, tinkawaona kuseri kwa magalasi, anthu atavula majekete akudya, koma pakhomo pake pankafunika tikiti ya mtundu wina. Tinakathera m'chimbudzi cha amuna, mmene munali anthu makumi angapo atathithikana pansi pa kachipangizo kamodzi kotulutsa mpweya wotentha. Nditamuvula nsapato ndinapeza nsonga za zala zitayera. Ndinakhala pansi, ndinalowetsa mapazi ake m'kati mwa jekete langa kuti akhudze mimba yanga, ndipo tinakhala choncho mpaka anayamba kulira ndi ululu wa magazi obwerera. Potuluka, mayi wina wachikulire wogulitsa tiyi anatulutsa m'thumba mwake timapaketi tiwiri totenthetsa manja n'kutipatsa, iye mwini manja ali njenjenje. Mwanayo anachira bwinobwino. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti chimene chinasowa pa bwalo lija chinali chipinda chimodzi chotentha chimene munthu wa tikiti yotchipa angalowemo, ndiponso chilolezo cholowa ndi katoni, zinthu zimene mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi denga.

Ena adzandifunsa kuti ngati ndaona zonsezi, bwanji sindikufuna denga. Yankho langa loyamba n'lakuti nyengo ndi mbali ya masewerowa, ndipo anthu a m'mizinda imeneyi amaikonda ndi mtima wonse. Pa 10 Disembala 2017 a Bills anagonjetsa a Indianapolis Colts 13 kwa 7 mu nthawi yowonjezera, chipale chofewa chikugwa mpaka mizere ya pabwalo osaoneka, wosewera wa Bills LeSean McCoy akuthamanga mapazi akumira, ndipo kuno masewero amenewo amakambidwabe m'malo a ntchito ndi m'nyumba. Pa 6 Disembala 2021 mphepo inaomba mwamphamvu ku Orchard Park, kumene kuli bwalo la Bills, kotero kuti a New England Patriots anaponya mpira katatu kokha m'masewero onse, n'kupambana 14 kwa 10. Tinamva kuwawa, koma tinaona nzeru za aphunzitsi zimene sizioneka m'bwalo lopanda mphepo. Ku Green Bay, tauni ya anthu ongopitirira 100,000, bwalo la Lambeau lakhala lapamtetete chiyambire 1957, limalowa anthu pafupifupi 81,000, ndipo timu ya kumeneko, ya Packers, imene eni ake ndi ochemerera omwe, ili ndi mndandanda wa anthu odikira matikiti apachaka umene munthu amakalamba asanafikiridwe. Ku Minnesota, a Vikings anafika ku Super Bowl, masewero omaliza opezera katswiri wa NFL, kanayi pa nthawi imene ankasewera panja pa Metropolitan Stadium, pansi pa mphunzitsi Bud Grant, amene mu Januwale 2016, ali ndi zaka 88, anatulukira pabwalo atavala malaya a manja aafupi kukuzizira madigiri 21 pansi pa ziro. Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife okonda mpira wapanja tinavomera kalekale kuti tidzanyowa, tidzanjenjemera, tidzabwerera kunyumba mphuno zitafiira. Zimene sitinavomere ndi kudulidwa zala.

Masiku oopsawo ndi ochepa kwambiri. Pa mndandanda wa masewero ozizira koposa m'mbiri ya NFL, a ku Kansas City ali pa nambala 4. Patsogolo pake pali a pa 31 Disembala 1967 ku Green Bay, otchedwa Ice Bowl, pamene kunazizira madigiri 25 pansi pa ziro, a pa 10 Januwale 1982 ku Cincinnati, ndi a 2016 a ku Minneapolis aja. Ndikudziwa kuti lamulo limene ndikupempha likanasuntha Ice Bowl, masewero amene a Packers anagonjetsa a Dallas Cowboys 21 kwa 17 ndipo amalemekezedwa mpaka lero. Ndikuvomereza zimenezo mopanda kukayika, chifukwa mu 1967 anthu sankadziwa zonse zimene madokotala akudziwa tsopano, ndipo nyengo sinkalosedwa molondola monga lero. Koma taonani kutalikirana kwa zakazo. Vuto limene limabwera kamodzi pa zaka khumi kapena kuposerapo likhoza kuthetsedwa ndi lamulo la tsamba limodzi, ndipo masiku ena onse a m'nyengo yachisanu amangofuna zovala zabwino ndi malo othawirako.

Yankho langa lachiwiri n'lakuti denga silikonza msewu. Ife a kuno timadziwa mmene chipale chofewa chimabwerera: mpweya wozizira ukadutsa pamwamba pa nyanja ya Erie isanaundane umanyamula chinyontho, n'kukachikhuthula pa kadera kochepa kumwera kwa Buffalo, kumene kuli Orchard Park. Mu Novembala 2014 chinagwa chopitirira mamita awiri m'madera ena, ndipo masewero a Bills ndi New York Jets anakachitikira ku Ford Field ku Detroit. Mu Novembala 2022 zinachitikanso, masewero ndi a Browns n'kupitanso ku Detroit. Bwalo lathu likanakhala ndi denga, masewero amenewo akanasunthidwabe, chifukwa apolisi, maambulansi ndi magalimoto okankha chipale anali otanganidwa kupulumutsa anthu m'makomo ndi m'misewu. Mwezi wotsatira, pa nyengo ya Khirisimasi, mphepo yachisanu inapha anthu oposa 40 m'dera lino, ena m'magalimoto, ena m'nyumba zozima magetsi. Dera limene laika maliro otere likudziwa kumene ndalama zake zolimbana ndi chisanu ziyenera kupita. Denga nalonso lili ndi ngozi zake: pa 12 Disembala 2010 denga la bwalo la Metrodome ku Minneapolis linang'ambika n'kugwa chifukwa cha kulemera kwa chipale, ndipo mwayi unali wakuti linagwa m'bandakucha mulibe anthu.

Dandaulo lachitatu ndi la ndalama, ndipo pano ndikulankhula makamaka ndi inu abwanamkubwa ndi aphungu. Mwambi wathu umati mutu umodzi susenza denga, ndipo eni matimu akabwera kwa inu amanena zofanana ndi zimenezo, kuti ntchitoyi njaikulu, tiyeni tithandizane. Kumudzi, amene asenza nawo denga amakhala pansi pake, amadya nawo, ndipo tsiku lawo likafika amathandizidwanso. Kuno amene akusenza ndi okhoma msonkho, ambiri mwa iwo anthu amene sadzakwanitsa kugula tikiti yolowera m'bwalolo. Mu 2025 bwalo la ku Brook Park linkayerekezedwa kudya madola 2.4 biliyoni, ndipo chaka chomwecho boma la Ohio linavomereza kuikapo madola 600 miliyoni ochokera ku thumba la ndalama zimene eni ake sanazitenge, monga zotsala m'mabuku akale a kubanki, zomwe boma limangosungira anthu. Bwalo limene a Browns akulisiya linatsegulidwa mu 1999, ndiye kuti silinakwanitse ngakhale zaka 30. Ku Nashville, mzinda umene chisanu chake n'chochepa, ndalama za anthu zokwana madola 1.26 biliyoni zapita ku bwalo ladenga. Ku Chicago, bwalo la Soldier Field linakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2003, ngongole yake ya madola mamiliyoni mazanamazana ikubwezedwabe, koma timu ikufuna kuchoka.

Anthu a ku St. Louis anaona kale mathero a njira imeneyi. Anamanga bwalo ladenga ndi ndalama za boma, linatsegulidwa mu 1995 kulandira a Rams, timuyo inasamukira ku Los Angeles mu 2016, ndipo anthu anapitiriza kubweza ngongole ya bwalo lopanda timu mpaka 2021. Zoona, anakasuma n'kulandira madola 790 miliyoni pomvana kunja kwa khoti, koma timu sinabwerere. M'posadabwitsa kuti mu Epulo 2024 anthu a ku Jackson County, kumene kuli Arrowhead, atafunsidwa pa voti anakana kupitiriza msonkho wothandizira mabwalo. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti anthu akakana pa voti, nkhani imangosamukira ku boma loyandikana nalo kapena ku nyumba ya malamulo, kumene voti ya anthu sifunika.

Timauzidwanso kuti denga lidzabweretsa Super Bowl. Dera la Detroit linalandira masewero amenewa mu 1982 ndi mu 2006, Minneapolis mu 1992 ndi mu 2018, Indianapolis mu 2012. Mzinda wozizira wokhala ndi denga umalandira mlendo ameneyu kamodzi pa m'badwo, ndipo matikiti ake munthu wamba sangawakwanitse. Sindikutsutsa kuti mabwalo monga U.S. Bank Stadium ku Minneapolis ndi Lucas Oil Stadium ku Indianapolis amachititsa zinthu zina m'nyengo yachisanu, monga zoimbaimba ndi mipikisano ya basketball, ndipo amalemba anthu ntchito. Ngati phindu limenelo n'lalikulu monga mukunenera, mwini timu angathe kukongola kubanki n'kumanga yekha. Eni a Denver Broncos analengeza mu 2025 kuti bwalo lawo latsopano adzalimanga ndi ndalama zawo, zomwe zikusonyeza kuti n'zotheka.

Dandaulo lachinayi ndi la osewera, ndipo ndilinena mwachidule. Mabwalo adenga a ku Detroit, Minneapolis ndi Indianapolis onse ali ndi kapinga wapulasitiki, chifukwa kapinga weniweni amafuna dzuwa. Mu 2020 JC Tretter, amene anali mtsogoleri wa bungwe la osewera, anasonyeza kuchokera m'ziwerengero za NFL yomwe kuti pa kapinga wapulasitiki osewera amavulala miyendo popanda kugundana ndi munthu mochuluka ndi 28 peresenti kuposa pa kapinga weniweni. Ku Arizona ndi ku Las Vegas anapeza njira yotulutsa bwalo lonse panja kuti kapinga aothe dzuwa, koma kumeneko n'kuchipululu, ndipo njira imeneyo njovuta mumzinda umene nthaka imaundana miyezi ingapo. Denga lililonse latsopano kumpoto likhoza kutanthauza maondo ndi akakolo ena owonongeka.

Za kwathu kuno ndinene zabwino ndi zodandaulitsa zomwe. Bwalo latsopano la Highmark ku Orchard Park lamangidwa lapamtetete, ndi denga la m'mbali lophimba pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mipando, makoma otchinga mphepo, ndi kapinga weniweni wotenthetsedwa pansi. Imeneyi ndi njira yanzeru, ndipo ndikanakonda mizinda ina ikanaitengera. Ndikuyamikiranso kuti mtengo utakwera kupyola madola 2 biliyoni, zowonjezerazo zinagwera a Terry ndi a Kim Pegula, eni timu ya Bills, monga mwa pangano. Komabe anthu anaikapo madola 850 miliyoni, 600 miliyoni kuchokera ku boma la New York ndi 250 miliyoni kuchokera ku Erie County, pamene mipando yatsika kuchoka pa pafupifupi 71,000 kufika pa pafupifupi 60,000, ndipo wofuna matikiti apachaka ayenera kuyamba wagula chilolezo cha mpando chimene chimatchedwa PSL. Anthu amene mu Januwale 2024 anapita ndi mafosholo usiku kukachotsa chipale m'mipando pa malipiro a madola 20 pa ola ndi mtundu wa anthu amene ayenera kupeza malo m'bwalo latsopanolo.

Pa zifukwa zimenezi ndikupempha mwaulemu zinthu izi:

1. Bungwe la NFL likhazikitse lamulo lolembedwa ndi lodziwika kwa aliyense, lakuti a zanyengo akalosera kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro, kapena mphepo yofikitsa kuzizira pa madigiri 28 pansi pa ziro, masewero asunthidwe kupita masana, tsiku lina kapena bwalo lina. Pa gulu lopanga chiganizocho pakhale dokotala wosalembedwa ntchito ndi timu iliyonse, ndipo chiganizo chilengezedwe kukadali masiku awiri kuti oyenda maulendo ataliatali asanyamuke pachabe.

2. Mapangano anu ndi makampani a kanema akhale ndi ndime yolola kusintha nthawi ya masewero a Disembala ndi Januwale m'mizinda yozizira popanda chindapusa.

3. Bwalo lililonse lapamtetete likhale ndi zipinda zotentha zaulere pa nsanjika iliyonse, kuphatikizapo ya pamwamba pamene pamakhala a matikiti otchipa, zolembedwa bwino kuti kholo lonyamula mwana lizipeze msanga. Pa masiku ozizira mabulangete, makatoni opondapo ndi timapaketi totenthetsa manja ziloledwe pa zipata zonse za mabwalo onse mofanana, madzi otentha akumwa aperekedwe ulere, ndipo pakhale azaumoyo oyendera mipando kuyang'ana okalamba, ana ndi amene aledzera.

4. Boma likapereka chenjezo la chisanu choopsa koma masewero n'kuchitikabe, munthu amene wasankha kukhala kunyumba abwezeredwe ndalama zake zonse. Ambiri amapita chifukwa tikiti ya m'ndime yochotsana inawadyera malipiro a sabata lathunthu ndipo sangapirire kuitaya.

5. Alonda, ogulitsa zakudya, oimika magalimoto ndi ochotsa chipale apatsidwe zovala zoyenera, nthawi yopuma pamalo otentha, ndi malipiro owonjezera pa masiku oopsa, pakuti iwo amafika ochemerera asanafike ndipo amachoka onse atachoka. Pambuyo pa masewero aliwonse otere, timu ilengeze chiwerengero cha anthu amene anathandizidwa ndi azaumoyo.

6. Ndalama za boma zisapite ku bwalo latsopano anthu asanafunsidwe pa voti. Mwini timu amene akufuna denga alipire yekha mtengo wa dengalo, timu isachoke pa bwalo ngongole ya anthu isanathe, ndipo bwalo lililonse lomangidwa ndi msonkho likhale ndi gawo la mipando yotchipa yosafuna PSL.

7. Bwalo lililonse latsopano, ladenga kapena lapamtetete, likhale ndi kapinga weniweni, monga osewera akhala akupemphera.

Ndandanda ya masewero imatuluka mwezi wa Meyi chaka chilichonse, ndipo eni matimu amakumana mwezi wa Malichi kukambirana malamulo. Ndikupempha kuti mfundo yoyamba ndi yachitatu ziikidwe pa zokambirana za msonkhano umenewo, kuti ndandanda yotsatira idzatuluke lamulo la chisanu lilipo kale. Mwana wanga uja wakula tsopano, ndipo iye ndi mng'ono wake akufuna kuti tidzapitenso ku masewero a Januwale. Ndawauza kuti ndalemba kalata, ndipo tikudikira yankho lanu.

Ine wanu mwaulemu,
Wochemerera ndi wokhoma msonkho wa ku Erie County, New York